DIMBA LA PA THANDALA: NDIWO ZAMASAMBA POPANDA DOTHI KWA AMAYI OSOŴA MALO

Mwezi wa Okutobala ukafika, pamene abambo ali kalikiliki kuthirira nazale za fodya, m'nyumba zambiri za pa esiteti ndi m'midzi yoyandikana nayo nkhani ya madzulo imakhala imodzi: ndiwo. Mfutso umene amayi anayanika m'miyezi ya Malichi ndi Epulo umakhala utatha, kapena patsala chikwatu chimodzi chosungira alendo. Nkhwani, khwanya ndi bonongwe za m'munda zinauma kalekale. Ku dambo madimba alipo ndithu, koma ali ndi eni ake, ndipo repu ndi matimati a pa msika amafuna ndalama pa nthaŵi imene ndalama za ku okushoni zatha kale. Motero ana amadyera nsima tiusipa toŵerenga, mwinanso madzi a mchere.

Pa maulendo anga oyendera alimi ndimakonda kuyamba ndazungulira kuseri kwa nyumba ndisanapite kumunda, chifukwa kumeneko ndiko kumaonekera ngati banja likudya bwino. Ndipo ndaona kuti mayi amene amadandaula za ndiwo si waulesi ayi. Ndi yemweyo amene amalaŵirira kumjigo, amasoka fodya m'chigafa mpaka usiku, ndi kukhala pa mphasa masiku ambiri akusankha masamba. Chimene alibe ndi malo. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 5.5 miliyoni m'Malaŵi muno, pamene wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, koma dziko silinatanuke. Kwa mayi wa pa esiteti vutoli ndi lalikulu koposa. Ambiri anachokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe kapena Machinga, kumene mwa mwambo wa chikamwini munda umakhala wa mkazi, ndipo anatsata amuna awo ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi, kumene ngakhale mzere umodzi si wawo. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuletsa utenanti, koma lamulolo silinagaŵe minda. Mabanja ambiri akukhalabe pa malo a eni ake, ndipo munthu sakumba dimba pa malo amene angauzidwe kuchokapo fodya akagulitsidwa.

Kusoŵa kwa ndiwo zamasamba kumaonekera pa sikelo. Kafukufuku wa za umoyo wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo 63 mwa 100 anali ochepa magazi m'thupi. Masamba okha sangathetse zimenezi, koma ndi limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa, ndipo ndi gulu limene mayi angathe kulipeza ndi manja ake pa khomo pomwe.

KODI MBEWU INGAKULE POPANDA DOTHI?

Funso limeneli ndimafunsidwa pa msonkhano uliwonse, ndipo ena amaseka. Koma alimi a fodya sayenera kudabwa. Pamene dziko lino linasiya kugwiritsa ntchito mankhwala a methyl bromide m'nazale, kumapeto a chaka cha 2004, njira imodzi imene bungwe la ARET linaphunzitsa alimi inali yofesa fodya m'mathireyi oyandama pa madzi. M'timaenje ta thireyi munkaikidwa makungwa a paini ogayidwa, feteleza ankasungunulidwa m'madzimo, ndipo mbande zinkakula bwinobwino osakhudza nthaka. Amene anaziona ndi maso angachitire umboni. Zimene zinatheka ndi fodya zimathekanso ndi mpiru.

Dothi limachitira mbewu zinthu zinayi: limagwira mizu kuti mbewu iime, limasunga madzi, limapereka mpweya ku mizu, ndiponso limapereka chakudya. Tikapeza china chogwira mizu ndi kusunga chinyezi, kenaka chakudya chonse tikuchipereka kudzera m'madzi othirira, dothi silifunikanso. M'Chingerezi ulimi wotere amautcha hydroponics, dzina limene linafalitsidwa m'chaka cha 1937 ndi William Gericke, mphunzitsi wa pa University of California amene ankalima matimati m'matanki a madzi. M'maiko olemera ulimiwu umachitika m'nyumba zagalasi zokhala ndi mapampu ndi makompyuta. Zimenezo si zathu, ndipo sindikunena za izo. Ndikunena za njira yopepuka imene bungwe la FAO linalemba m'buku lophunzitsira anthu osauka a ku Latin America m'chaka cha 1993, lolembedwa ndi César Marulanda ndi Juan Izquierdo, imene pambuyo pake inafika kuno ku Africa.

ZIMENE ANACHITA AMAYI A KU DAKAR

Dakar ndi likulu la dziko la Senegal, kumadzulo kwa Africa. Ndi mzinda wa mchenga, wothithikana, ndipo mvula imagwa miyezi yoŵerengeka. M'chaka cha 1999 boma la Senegal pamodzi ndi FAO anayamba kuphunzitsa anthu kulima masamba pa timatebulo ta matabwa toyalidwa pulasitiki, toikidwa pa bwalo, pa khonde kapena pa denga la nyumba. Popeza Senegal ndi dziko la mtedza, m'malo mwa dothi anagwiritsa ntchito makoko a mtedza, osakaniza ndi mankhusu a mpunga ndi timiyala tofiira. Anthu oposa 4,000 anayamba madimba otere, ambiri mwa iwo amayi, ndipo m'chaka cha 2008 ntchitoyi inalandira mphoto ya ku Dubai yoperekedwa mogwirizana ndi bungwe la UN-Habitat.

Wina anganene kuti amenewo ndi a m'tauni, ife ndife a kumudzi. Koma taganizani bwino. Mayi wa ku Dakar alibe munda, amakhala m'nyumba ya lendi, ndipo madzi amachita kuŵerengera. Mayi wa pa esiteti ku Kasungu alibe munda, amakhala m'nyumba ya bwana, ndipo madzi amasenza pa mutu. Vuto lawo ndi limodzi. Ndipo makoko a mtedza amene a ku Senegal amachita kugula, kuno ku Mchinji, Lilongwe, Dowa ndi Kasungu timangowaunjika kudzala kapena kuwatentha. Mankhusu a mpunga ali milumilu kuseri kwa zigayo ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Malinga ndi FAO, tebulo la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi limafuna madzi osaposa malita 3 pa tsiku, ndipo lingapereke chimodzi mwa izi: matimati pafupifupi 200 pa chaka, olemera makilogalamu 30; kapena mitu 36 ya letesi pa masiku 60 aliwonse; kapena makabichi 10 pa masiku 90; kapena anyezi 100 pa masiku 120. Ziŵerengero zimenezi ndi za dimba losamalidwa bwino ndi munthu wozoloŵera, choncho musatengere ngongole pa izo. Kwa ine chiŵerengero chofunika kwambiri ndi cha madzi. Ndowa imodzi ya malita 20 ingakwanire matebulo asanu kapena asanu ndi limodzi m'nyengo yozizira, ngakhale kuti m'kutentha kwa Okutobala ndi Novembala mbewu zimamwa koposa pamenepo.

KAMANGIDWE KAKE

Mayi aliyense amadziŵa kumanga thandala loyanikapo mbale. Dimba limeneli ndi thandala lomwelo, koma lolimba ndi lokhala ndi mpanda m'mbali ngati bokosi. Sankhani malo amene dzuŵa limaomba maola osachepera 6 pa tsiku, kutali ndi mitengo ikuluikulu ndi podonthera madzi a denga. Zikani mitengo inayi yolimba yofika m'chiuno, ndipo kumunsi kwake pakani oyilo wakale wa galimoto poteteza chiswe. Yalani matabwa otsala kapena nsungwi mothithikana. Bokosi likhale mita imodzi mbali zonse, ndipo kuya kwake kukhale masentimita 10 mpaka 12. La karoti likhale lakuya masentimita 20. Musachepetse mitengo, pakuti bokosi lodzaza ndi lonyowa limalemera kwambiri.

M'kati yalani pepala la pulasitiki lakuda ndi lokhuthala, lopanda chibowo. Lakuda ndilo labwino chifukwa sililoŵetsa kuŵala, ndipo ndere sizimera. Mbali imodzi boolani ndi kuloŵetsa kapaipi kakang'ono, kokwera pafupifupi masentimita 2 kuchokera pansi pa bokosi, ndipo thandala lipendekere pang'ono mbali imeneyo. Pansi pa kapaipiko ikani botolo lolandirira madzi otsala, chifukwa madziwo ali ndi feteleza ndipo mudzathiranso maŵa lake. Amene alibe matabwa angagwiritse ntchito beseni lobooka, chidebe chakale, tayala la galimoto kapena chigubu chodula pakati. Chenjezo lalikulu kwa okhala pa esiteti ndi ili: musagwiritse ntchito chigubu kapena chitini chimene munali mankhwala opopera fodya kapena thonje, ngakhale mutachitsuka kangati.

Tsopano zodzaza m'bokosi. Mankhusu a mpunga aviikeni m'madzi kwa milungu iŵiri kuti timbewu totsalira timere ndi kufa, kenaka atsukeni mpaka madzi ayere. Makoko a mtedza asinjeni pang'ono mumtondo kuti aphwanyike, osati kusanduka ufa, aviikeni masiku angapo mukusintha madzi, ndipo aliwonse ooneka chuku atayeni. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wa maso akuluakulu, wotsukidwa mpaka matope onse achoke. Ndi bwino kuuthira madzi oŵira kuti tizilombo tife. Msakanizo wodziŵika ndi wa magawo 6 a mankhusu ndi magawo 4 a mchenga. Kumene kulibe mpunga, makoko a mtedza aloŵe m'malo mwa mankhusu, ndipo zidutswa zing'onozing'ono za njerwa zootcha zingathandize. Utuchi wa matabwa musauchulutse, chifukwa umasunga madzi mopitirira ndipo wina umaŵaŵira mizu. Poyesa ngati mwasakaniza bwino, nyowetsani, tapani dzanja limodzi ndi kufinya. Padonthe timadontho toŵerengeka, ndipo mukatambasula dzanja msakanizo umwazike, usakhale chibuma.

Mbande fesani m'kabokosi kakang'ono ka msakanizo womwewo. Thirani madzi okha mpaka zitamera, kenaka madzi a feteleza ochepetsedwa mphamvu ndi theka. Okerani madzulo dzuŵa litapepa. Mpiru, repu ndi tchayinizi zitalikirane pafupifupi chikhato chimodzi chotambasula. Bonongwe ingofesani m'bokosi momwemo ndi kupatulira. Woyamba kumene ayambe ndi masamba ameneŵa, chifukwa amakula msanga, amathyoledwa kangapo, ndipo savuta ngati matimati.

CHAKUDYA CHA MBEWU

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amagwera. Makoko, mankhusu ndi mchenga mulibe chakudya. Zonse zimene mbewu ikanapeza m'nthaka ziyenera kuchokera m'madzi amene mukuthira. Mbewu imafuna michere yoposa khumi: yambiri monga nayitrojeni, fosifolasi, potaziyamu, kashiamu, maginiziyamu ndi salifa, ndi ina yofunika pang'ono kwambiri monga ayironi, zinki, boroni ndi manganizi. Umodzi ukasoŵa, mbewu imafooka ngakhale ina yonse itakhalapo.

Ine ndemwe ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Nditamanga bokosi langa loyamba kuseri kwa nyumba, ndinaganiza zopulumutsa ndalama. Ndinatapa D Compound wotsala ndi yuriya pang'ono, ndi kuvundula m'ndowa. Theka la fetelezayo linangokhala pansi ngati mchenga. Milungu iŵiri yoyamba mpiru unabiriŵira ndipo ndinayamba kuitana anzanga kudzaona. Kenaka m'mphepete mwa masamba munayamba kupsa, masamba atsopano anatuluka otuŵa, ndipo mbewu zinangoima. Amayi a kunyumba anandiseka mlungu wathunthu, ati mlangizi wagonja ndi mpiru. Cholakwa chinali changa. Feteleza wa m'munda, kaya wokulitsa, wobereketsa kapena wa fodya, anapangidwa kuti agwire ntchito pamodzi ndi nthaka. Sasungunuka yense, alibe michere ing'onoing'ono yonse, ndipo yuriya amadalira tizilombo ta m'nthaka kuti timusandutse chakudya choyenera mizu.

Wofunika ndi feteleza wosungunuka yense m'madzi, wopangidwira ulimi umenewu. Amapezeka m'mashopu ena a zipangizo zaulimi m'mizinda ikuluikulu, kumene amagula alimi a m'magirinihausi. Kaŵirikaŵiri amakhala m'magawo aŵiri, otchedwa A ndi B, ndipo amasungidwa m'mabotolo osiyana. Chifukwa chake n'chakuti kashiamu akakumana ndi michere ina ali wamphamvu, zimagwirana ndi kusanduka tinthu toyera ngati laimu, timene mizu singayamwe. Motero musathire A ndi B m'kapu imodzi. Yambani mwadzaza madzi m'ndowa, thirani A, vundulani, kenaka thirani B ndi kuvundulanso. Pa msakanizo wa m'buku la FAO lija muyeso wake ndi mamililita 5 a A ndi mamililita 2 a B pa lita iliyonse ya madzi, koma feteleza amasiyana mphamvu, choncho tsatirani zolembedwa pa paketi, ndipo ngati zalembedwa m'chinenero chovuta pitani nazo kwa mlangizi. Poyeza gwiritsani ntchito sirinji yatsopano yopanda singano. Kuyeza ndi maso kumapsereza mbewu.

Thirirani m'maŵa uliwonse, masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, ndi madzi a feteleza. Tsiku lachisanu ndi chiŵiri thirani madzi okha, oŵirikiza kuchuluka, kuti atsuke mchere umene waunjikana m'bokosi. Madzi otuluka tsiku limenelo musabwezeremo, kathirireni mtengo wa papaya. Kukatentha kwambiri onjezerani madzi okha masana. Madzi a mvula ndiwo abwino koposa. Madzi a mjigo ozuna mchere, monga amapezeka m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, amavutitsa mbewu, ndipo madzi a sopo ochapira asafikemo konse.

Ndinene mosabisa kuti feteleza ameneyu ndiye chopinga chachikulu. Sapezeka pa golosale ya kumudzi, ndipo paketi yake ndi yokwera mtengo kwa munthu mmodzi. Koma amathiridwa pang'ono kwambiri, kotero kuti amayi khumi akasonkherana, paketi imodzi ingawafikitse patali. Kumene sangapezeke konse, musagwe mphwayi. Sakanizani m'bokosi gawo limodzi la manyowa oola bwino kapena kompositi pa magawo aŵiri a makoko ndi mchenga, ndipo mlungu uliwonse thirani pa mizu madzi oviikamo manyowa a nkhuku oola, osungunulidwa mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka. Akatswiri anganene kuti umenewo sulinso ulimi wopanda dothi weniweni. N'zoona, koma mphika sufunsa zimenezo. Madzi a manyowa asakhudze masamba, ndipo ndiwo zitsukidwe bwino musanaphike.

NJIRA YA M'CHIGUBU

Pali njira inanso yopepuka koposa, imene inaphunzitsidwa ndi Bernard Kratky wa pa University of Hawaii. Imeneyi sifuna ngakhale mchenga. Tengani chigubu cha malita 4 kapena 5 chimene munali mafuta ophikira, chitsukeni, chikulungeni ndi pepala lakuda kapena chiguduli kuti kuŵala kusaloŵe, ndipo chidzazeni ndi madzi a feteleza. Pakamwa pake ikani kakapu kobooledwa pansi ndi m'mbali, mmene muli mbande imodzi yogwiridwa ndi mankhusu, ndipo pansi pa kakapuko pangokhudza madzi. Mbewu ikamamwa, madzi amatsika, mizu ina imawatsatira pansi, ina imatsala m'mwamba m'mpata wouma ndi kumapuma mpweya. Chinsinsi chake ndi mpata umenewo. Musadzazenso chigubu mpaka pakamwa, chifukwa mizu yopumira ikamizidwa mbewu imafota ngati yasoŵa madzi. Mutu umodzi wa letesi kapena tchayinizi ungakule mpaka kukolola ndi madzi a chigubu chimodzi. Njirayi imafuna feteleza wosungunuka basi. Madzi a manyowa amangonunkha ndi kuoletsa mizu. Tsekani bwino mipata yonse ya pakamwa, pakuti madzi oima ndi nyumba ya udzudzu, ndipo sitikufuna kugula ndiwo ndi malungo.

FODYA NDI MATIMATI

Kwa ife alimi a fodya ulimiwu uli ndi ubwino wina wapadera, komanso ngozi yapadera. Ubwino wake ndi wakuti timinyongolotsi totupitsa mizu, timene timachuluka m'minda yolimidwa fodya chaka ndi chaka ndipo timaononganso matimati ndi therere, sitipezeka m'bokosi malinga ngati simunaikemo dothi la kumunda. Udzu wopalira nawonso palibe.

Ngozi yake ndi matenda a mozeiki, amene amachititsa masamba mawangamawanga ndi kukwinyika. Fodya, matimati ndi tsabola ndi mbewu za banja limodzi, ndipo kachilombo ka matendaŵa kamayenda ndi manja. Kamakhalabe ndi moyo m'fodya wouma, m'ndudu ndi m'fodya wa m'mphuno. Mayi amene wachokera kusoka kapena kusankha fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire matimati, ndipo abambo osuta angoona ndi maso. Musagwiritse ntchito mapesi a fodya ngati zichiri zoimikira matimati, musapopere madzi oviikamo fodya, ndipo thandala likhale kutali ndi chigafa. Mbewu yogwidwa ndi matendaŵa ilibe mankhwala. Izuleni ndi kuitentha.

Nsabwe za m'masamba ndi mbozi zimafika ngakhale pa thandala. Popeza dimba ndi laling'ono ndipo lili pa msinkhu wa m'chiuno, tembenuzani masamba m'maŵa uliwonse pothirira ndi kupha ndi zala zimene mwaona. Zikachuluka, madzi a masamba a nimu osinja amathandiza. Mankhwala a fodya asapoperedwe pa ndiwo. Nkhuku ndi mbuzi nazo zidzayesa mwayi, choncho kampanda ka udzu kapena ukonde wakale wophera nsomba n'kofunika.

NDALAMA ZAKE N'ZAYANI?

Tsopano ndilankhule ndi abambo anzanga, popeza ndikudziŵa kuti kalatayi imafikira m'manja mwanu. Ndalama za fodya zimabwera kamodzi pa chaka, m'dzina la amene analembetsa, ndipo nthaŵi zambiri ameneyo ndi bambo. Mayi amene wagwira ntchito miyezi khumi amachita kupempha ya mchere ndi ya sopo. Dimba la pa thandala ndi laling'ono, ndipo palibe amene adzagulire malata kuchokera pa mita imodzi. Koma matebulo atatu kapena anayi ofesedwa motsatizana, mlungu uno limodzi, pakapita milungu iŵiri lina, amapereka ndiwo za pa khomo ndi timitolo togulitsa kwa anansi pa nthaŵi imene masamba akusoŵa. Tindalama timeneto timabwera mlungu ndi mlungu, ndipo ndi timene timagula kope la mwana, timalipira chigayo, ndi kuponya ku banki mkhonde. Maganizo anga ndi akuti dimbali likhale la mayi, ndi ndalama zake zomwe, kaya azisunga m'mpango kaya pa foni yake ku Airtel Money kapena Mpamba. Ndaonapo magulu a amayi akufa chifukwa chakuti ntchito itayamba kupindula abambo anailanda. Mayi akaona kuti akuthirira ndi iye koma ndalama ikuloŵa m'thumba la wina, mwezi wotsatira bokosi limauma.

Gawo lanu, abambo, ndi kumanga thandala, ntchito ya Loŵeruka limodzi masana, ndi kukumbukira feteleza wa A ndi B mukapita ku tauni. Kumbukiraninso kuti dimbali silidikira. Munda wa m'nthaka ungapirire masiku aŵiri osathiriridwa, koma bokosi losaya limauma tsiku limodzi la dzuŵa. Mayi akapita ku maliro, ku chipatala kapena akachira mwana, wina pa khomo agwire ndowa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa amayi oyandikana nyumba kuika matebulo awo pamodzi ndi kumalandirana.

Kwa eni maesiteti pempho langa ndi lochepa. Dimba limeneli silichotsa ngakhale mzere umodzi ku fodya kapena ku chimanga. Lolani kamalo kuseri kwa nyumba za antchito, lolani atunge madzi, ndipo matabwa otsala, mapepala a pulasitiki ochotsedwa pa zigafa ndi makoko a mtedza muwapatse m'malo motentha. Banja limene likudya masamba silijomba kaŵirikaŵiri chifukwa cha matenda, ndipo silibwera kudzakongola ya ndiwo.

Ndionjezere kuti amene ali ndi dimba la ku dambo lokhala ndi madzi chaka chonse apitirize nalo, pakuti n'lotsika mtengo koposa. Njira ino ndi ya amene alibe malo, amene nthaka yawo yaguga kapena yadzala matenda, okalamba ndi olumala amene sangathe kuŵerama ndi khasu, ndi amayi apakati amene sangayende mtunda kupita ku dambo.

ZA ZIPANGIZO ZAMAKONO

Achinyamata amandifunsa za zipangizo zimene amaona pa foni: mapampu oyendera dzuŵa, ndi timakina toyeza madzi timene timatumiza uthenga tokha mbewu zikafuna chakudya. Zilipodi, ndipo m'magirinihausi akuluakulu zimathandiza. Koma mayi wa matebulo anayi asayambire pamenepo. Gulu likayamba kugulitsa, zida ziŵiri zokha n'zoyenera kugula. Choyamba ndi timapepala toyezera kuŵaŵasa kwa madzi, kumene akatswiri amati pH. Masamba ambiri amakula bwino muyeso ukakhala pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo ukakwera kwambiri mizu imalephera kuyamwa ayironi ngakhale alimo, masamba anthete n'kuyamba chikasu. Chachiŵiri ndi kachipangizo konga cholembera koyeza kuchuluka kwa feteleza m'madzi. Chimodzi chikwanira gulu lonse. Foni nayo ili ndi ntchito yake: jambulani tsamba lodwala mbali zonse ziŵiri ndi kutumiza kwa mlangizi pa WhatsApp, m'malo modikira kuti adzafike pa njinga mlungu wamaŵa.

NTHAŴI YOYAMBIRA

Nthaŵi yabwino yokonzekera ndi miyezi ya Meyi mpaka Julayi, pamene mtedza ukusendedwa ndi mpunga ukupunthidwa. Tolerani makoko ndi mankhusu m'matumba ndi kusunga pouma. Fesani bokosi limodzi lokha m'nyengo yozizira kuti muphunzirirepo, ndipo pofika Seputembala, pamene ndiwo ziyamba kusoŵa, manja adzakhala atazoloŵera ndipo mungaonjezere ena. M'dzinja mvula imakokolola feteleza m'bokosi, choncho lisunthireni pa khonde loomba dzuŵa kapena liikireni kadenga ka pulasitiki woonekera. Mukamaliza kukolola, chotsani mizu yonse, tsukani msakanizo, uyanikeni pa dzuŵa masiku angapo, onjezerani makoko atsopano pamene akale afumbutuka, ndipo bzalaninso mbewu ya mtundu wina.

Ndipo tsiku losamuka likafika, monga limafikira mabanja ambiri a pa esiteti, khuthulirani msakanizo m'matumba, pindani pulasitiki, zulani matabwa, ndipo mabotolo a A ndi B atsekedwe zolimba ndi kuikidwa kutali ndi ana ndi ufa. Zonsezi zimakwera lole limodzi ndi mphasa ndi miphika. Amayi amene akufuna kuyamba chaka chino apange gulu la anthu asanu mpaka khumi ndi kudziŵitsa mlangizi wa dera lawo mtedza usanathe kusendedwa, kuti tsiku lomanga bokosi loyamba lidzapeze makoko ali oviikidwa kale.